Ola Loyamwitsa Limathera mu Basi ya ku Kafue

Lamulo la ntchito la dziko la Zambia limamulemekeza kwambiri mayi woyamwitsa. Employment Code Act ya 2019 imamupatsa ola lathunthu tsiku lililonse la ntchito kuti akayamwitse mwana, kapena mphindi 30 kawiri ngati akufuna kuligawa, mpaka mwanayo atakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi. Olalo abwana saloledwa kulidula pa malipiro. Amene analemba lamuloli ayenera kuti anali anthu okoma mtima ndithu, kungoti zikuoneka kuti palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene anakwerapo minibasi ya ku Kafue.

Mayi wa ku Kafue Estates ntchito amagwira ku Lusaka, mwana amatsala ku Estates, ndipo pakati pa bere ndi kamwa pali makilomita pafupifupi 45. Akati agwiritse ntchito ufulu wake masana, ndiye kuti atuluke mu ofesi, apeze basi, adikire kuti idzaze, adutse Makeni, adutse Chilanga, aime pa geti yolipirira ya Shimabala. Pofika pakhomo ola latha kalekale, mwana walira mpaka wagona. N'chifukwa chake ambiri amapempha kuti olalo aliike kumapeto kwa tsiku, aziweruka 16:00 m'malo mwa 17:00. Abwana amavomera ndi nkhope yowala, kenako misonkhano yonse yofunika imayamba kugwa pa 15:45.

Tsiku limene wapulumuka msonkhano, ola lake la lamulo amalidyera pa mzere wa magalimoto pa Kafue Roundabout. Wapanikizika pakati pa thumba la anyezi ndi bambo wina amene wasandutsa phewa lake pilo. Mkaka wayamba kudontha, mawanga awiri aonekera pa bulauzi, ndipo chikwama wachikumbatira pachifuwa mwakuti anthu akuganiza kuti muli ndalama zambiri. Kondakitala naye sadziwa za Employment Code.

"Amayi, fenderani uko, mpando uwo ngwa anthu anayi!"

Estates sinamangidwire moyo wotere. Nyumba zake zinamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kuchiyambi kwa za m'ma 1970, pamene boma la Kenneth Kaunda linkafuna kuti Kafue ikhale tauni ya mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza mu 1970, Kafue Textiles inkaluka nsalu, ndipo wantchito ankapita ku ntchito wapansi kapena pa njinga. Ola loyamwitsa likanakhalapo nthawi imeneyo, likanakwanira bwinobwino, n'kutsalako ndi mphindi zotakasira ndiwo. Koma fakitale ya nsalu inatseka m'zaka za m'ma 2000, ya feteleza inafooka, ndipo ana a antchito aja anayamba kudzuka kukadali mdima kuthamangira basi. Lamulo labwinolo linafika fakitale itapita.

Nkhani imayamba mwana asanabadwe. Ku Estates mimba imawerengedwa kawiri. Azimayi oyandikana nawo nyumba amawerenga miyezi kuyambira tsiku la ukwati, a ku ofesi amawerenga kuyambira tsiku la kontirakiti. Onsewo amawerengera pa zala, ndipo salakwitsa. Lamulo limapereka masabata 14 a livu ya uchembere, asanu ndi limodzi mwa iwo ayenera kukhala a pambuyo pochira, koma malipiro athunthu ndi a yekhayo amene wagwira kwa bwana mmodzi miyezi 24 mosadukiza. Amene nthawi ya livu yamupeza ali ndi miyezi 20 pa ntchito amapita ku livu ndi mafuno abwino okhaokha. Kale, lamulo lisanasinthe, masabata anali 12, ndipo azimayi achikulire a mu ofesi amaonetsetsa kuti wachinyamata aliyense wamva zimenezi: "Ife tinkabwerera mwana khosi lisanalimbe, koma sitinafe ayi." Wobereka mapasa amamuwonjezera masabata anayi, ndipo nayenso pali omuchitira kaduka.

Kumuchotsa ntchito mkazi chifukwa cha pakati n'koletsedwa. Koma kontirakiti ya chaka chimodzi sichotsa munthu ntchito. Imangotha yokha mwaulemu, tsiku lake likakwana.

Bambo a mwana nawo lamulo linawakumbukira. Akakhala kuti agwira ntchito miyezi 12 pamalo amodzi, amapatsidwa masiku asanu otsatizana, ndipo ayenera kuwatenga pasanathe masiku asanu ndi awiri mwana atabadwa. Cholinga chinali choti azichapa matewera, azikoleza mbaula, mkazi agoneko pang'ono. Bambo wa ku Estates masikuwo amawagwiritsa ntchito mwadongosolo lake. Loyamba limathera pa foni, kulengeza pa Facebook ndi pa WhatsApp kuti ntchito waigwira. Kenako anzake amabwera kudzamutenga kuti akamuyamikire kumene amayamikirira amuna, kufupi ndi mtsinje, pali nsomba yowotcha ndi botolo la Mosi. Tsiku lotsatira ndi lochira iyeyo. Tsiku lachisanu amanyamula mwana mphindi zitatu, chithunzi chijambulidwe, n'kumubweza msanga ati wayamba kununkha. Pobwerera ku ntchito amauza anzake kuti kulera n'kotopetsa.

Mwana akangotuluka m'chikuta, alendo amayamba. Amabwera ndi sopo, paketi ya Boom, chitenje, ena kandalama kokafumbatitsa m'kadzanja ka khanda. Palibe amene amabwera wopanda malangizo, ndipo palibe amene amachoka nsima isanapse. Mayi amene sanagone usiku wonse amapezeka ali ku khitchini kuphikira anthu amene abwera kudzamuuza kuti azipumula.

Malangizowo sagwirizana. Anamwino ku kiliniki anena momveka bwino kuti miyezi isanu ndi umodzi yoyamba mwana azingoyamwa basi, ngakhale madzi asalawe. Azakhali akuti mwana wamwamuna sakhuta bere lokha, ayambe kaphala kamadzimadzi. Amayi a kutchalitchi akuti amake azimwa munkoyo ndi kukukuta nsawawa kuti mkaka uchuluke. Apongozi ayang'ana liwombo, apukusa mutu, ndipo atchula munthu wina wa ku Shikoswe amene amadziwa mankhwala ake. Onse akatha amafunsa funso limodzi, ndi mawu achifundo kwambiri: "Nanga ku ntchito mubwerera liti? Kamwana kakang'ono chonchi mukasiya?" Omwewo ndi amene mwezi wamawa adzabwere kudzabwereka ndalama kwa mayi wa pa ntchitoyo.

Apa pali masamu amene sakumana. A zaumoyo akuti miyezi isanu ndi umodzi, amene ndi masabata 26. A zantchito akuti masabata 14, ndipo ngati mayi anadyapo awiri asanachire, amabwerera mwana ali ndi masabata 12 okha. Maunduna onse awiri ali mu Lusaka momwemo, koma mpata wa pakatiwo anamusiyira mayi kuti adziwonere yekha. Yankho la anamwino ndi lakuti azifinyira mkaka m'kapu yoyera, azisiya mu firiji. Choncho mayi amadzuka 04:00, n'kukhala pamphepete pa bedi, kufinya dontho ndi dontho, maso akutsekeka. Akadzaza timabotolo tiwiri amatiika pa shelefu yapamwamba. Ambuya a mwana, amene abwera kuchokera ku Petauke kudzathandiza, amatsegula firijiyo n'kuima chilili.

"Amake mwana, uwu ndi mkaka wa munthu? Pamodzi ndi nsomba?"

Amafotokozeredwa zonse, amagwedeza mutu, amati amva. Basi ikangonyamuka, iwo amateleka kapoto ka phala.

Firijiyo nayonso ili ndi khalidwe lake. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku damu la magetsi la Kariba, magetsi ankazima nthawi yaitali kuposa imene ankayaka, masiku ena pafupifupi tsiku lonse. Anthu a ku Estates amamwa madzi a mtsinje womwewo umene umazungulitsa makina a ku Kafue Gorge, kumene siteshoni yatsopano ya Kafue Gorge Lower, ya mamegawati 750, inali itangomalizidwa kumene mu 2023. Zimenezi sizinathandize timabotolo tija. "Malaiti apita" anali mawu okwanira kugwetsa ntchito yonse ya 04:00, ndipo ambuya ankaulandira uthengawo ndi nkhope ya munthu amene mlandu wamukomera.

Ku ofesi malo ofinyirako mkaka kulibe. Ena amalowa m'chipinda chosungira mafayilo n'kutsamira chitseko ndi msana, ena amapita ku chimbudzi. Abwana, mwachilungamo, amafunsa za mwana m'mawa uliwonse. "Kali bwanji kabwana kathu? Kakukula? Chabwino. Lipoti lija lili pati?" Dzina la mwanayo sanaligwirebe, ndipo sakudziwa ngati ndi wamkazi kapena wamwamuna.

Pali tsiku lina limene akazi a ku Zambia amanyadira, limene maiko ambiri alibe: Mother's Day. Mkazi aliyense wa pa ntchito ali ndi ufulu wojomba tsiku limodzi pa mwezi popanda kalata ya dokotala kapena kufotokoza chifukwa. Amuna a mu ofesi anachita kale kafukufuku wawo, ndipo amati tsikuli limakonda kugwa Lachisanu kapena Lolemba. Kwa mayi wa khanda limagwa tsiku la sikelo. Katemera ndi wa pa masabata 6, 10 ndi 14, kenako kupimitsa mwezi ndi mwezi, ndipo tsiku limene lamulo linati apumule amalithera pa benchi, kadi ili m'manja, akudikira kuti mwana akolekedwe pa sikelo. Aliponso masiku atatu pa chaka osamalira za banja, ndi asanu ndi awiri odwazika, dokotala akalemba kalata. Mwana mmodzi womera mano amatha kuwamaliza onsewo mwezi wa Epulo usanafike.

Azimayi a pamsika wa Estates ndi ogulitsa nsomba m'mbali mwa msewu waukulu amamva nkhanizi n'kuseka. Iwo mwana ali kumsana tsiku lonse, akalira amangomutembenuzira kutsogolo, dzanja lina likubweza chenji. Koma livu yawo ndi masiku amene thupi lakana kudzuka, ndipo tsiku losagulitsa ndi tsiku losadya. Inshuwalansi yawo ndi chilimba.

Ambuya sakhalitsa. Mitambo ikayamba kuda mu Novembala, mtima wawo uli kale kumunda ku Petauke, ndipo palibe mdzukulu amene angawaletse kukabzala. Apa m'pamene pamalowa munthu amene wanyamula chuma chonse cha Estates pamsana osatchulidwa dzina: mtsikana wantchito. Amapezeka kudzera mwa mnzake wa mlamu wa munthu wa kutchalitchi. Amafika 05:30 kuti madamu apeze basi, amachoka madamu akabwera, kaya ndi 19:00 kaya ndi 20:00. Pa WhatsApp ya azimayi iye ndiye mutu wa nkhani: wamaliza shuga, amaonera TV, wadzola mafuta a mwana, wapita ku maliro a agogo ake kachitatu.

Chodabwitsa chimachitika pa geti. Mayi uja amene ku Lusaka amadziwa lamulo ndime ndi ndime, amene anatsutsana ndi a HR mpaka anapambana, akangolowa m'nyumba mwake amasanduka abwana aja enieni, ndi mawu omwe. Mu Januwale 2024 malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba anaikidwa pa K1,300 pa mwezi, ndipo wantchitoyo ayenera kulembetsedwa ku bungwe la penshoni la NAPSA, bwana n'kumaikako 5 peresenti, wantchito 5 peresenti. Madamu amati zimenezo adzakambirana zinthu zikakhala bwino, pakuti mtsikanayo amadya pompano ndipo anapatsidwa madiresi awiri. Tsiku lina mtsikanayo analimba mtima, akupotokola nsonga ya chitenje.

"Madamu, mawa ndimafuna nditengeko Mother's Day."

"Iwe, Mother's Day ya chiyani? Nanga mwana atsala ndi ndani?"

Funso limenelo ndi lomwe abwana a ku Lusaka amafunsa za lipoti. Ndipo mtsikanayo naye ali ndi wake wa miyezi isanu ndi itatu, amene amamusiya ku Zambia Compound m'manja mwa mng'ono wake wa giredi 6, amene masiku ena sapita kusukulu pa chifukwa chimenecho. Madamu sakudziwa, poti sanafunsepo.

Inu amene mukuwerenga izi muli pampando wa anthu anayi, chikwama chili pachifuwa, abwana anu tawanena mokwanira ndipo akuyenera. Koma mukatsika pa Estates madzulo ano, mufunseni mtsikanayo dzina la mwana wake, mumupatse tsiku lake la mwezi uno, ndipo pakutha pa mwezi alandire ndalama zake zonse, osadulako za kapu ija inasweka.