Khoswe wa Pansi pa Chigaza

Makolo anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Lero mikhate yasowa, madzi tikusunga m'zigubu zapulasitiki, koma khoswe uja sanasowe pokhala. Ena amamuona mu ofesi, ali mlamu wa abwana. Madokotala a ubongo amamupeza pansi pa chigaza.

Kumeneko kuli kabowo kodutsira hypoglossal, womaliza mwa mitsempha 12 yotuluka ku ubongo mbali iliyonse. Ndiye woyendetsa lilime potafuna, pomeza, ndi pa miseche pomwe. Maselo okuta mtsemphawu, otchedwa ndi dzina la Theodor Schwann wa ku Germany, nthawi zina amachulukana n'kupanga chotupa, schwannoma: ndiye khoswe uja. Kawirikawiri si khansa, ndipo chimakula mwaulesi kwa zaka. Malo amene chimakonda ndi mtsempha wa nambala 8, wa khutu. Pa nambala 12 chimangofika mwa apo ndi apo.

Chikafinya mtsempha, theka la lilime limafota, limachita makwinya n'kumanjenjemera. Mukalitulutsa limakhotera mbali yodwalayo, chifukwa mbali yamphamvu ikulikankha. Mawu akayamba kukoka, bwalo la pa WhatsApp limagamula tsiku lomwelo: bambowa ayamba kachasu, ayi awalodza, ayi ndi malipiro a bodza. Bodza likanakhala lokhotetsa lilime, nyengo ya kampeni makina a MRI ojambula m'mutu akanapsa ndi ntchito.

Tsono dokotala wamuona khoswe, chibonga chili m'manja. Amenye bwanji? Pambali pomwepo pali mtsempha waukulu wotsitsa magazi kuchokera kumutu, mitsempha ya nambala 9, 10 ndi 11 yothandiza kumeza, mawu ndi phewa, komanso tsinde la ubongo loyendetsa kupuma. Mkhate umenewu ukasweka, kulibe msika wogulako wina. N'chifukwa chake chotupa chikakhala chaching'ono, ena amangochiyang'anira ndi MRI. Ena amachiwotcha ndi cheza pogwiritsa ntchito Gamma Knife, makina amene Lars Leksell wa ku Sweden anayambitsa mu 1968. Chikakula amachichotsa pang'onopang'ono akuyang'ana pa maikulosikopu, mwina n'kusiyako kachidutswa dala. Lilime lofota nthawi zambiri silibwerera mwakale.

Lilime likakhota ndipo silikuwongoka, pitani kuchipatala musanafunse gulu la pa WhatsApp. Zikachitika mwadzidzidzi, mkono kapena nkhope n'kufooka, thamangani, chifukwa mwina ndi sitiroko.