Mmene Mungapangire Mbaula ya Roketi Yofuka Utsi ndi Yogwetsa Nsima

Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo ife a ku Livingstone tinabwerera ku moto. Makala, amene kuno timati malasha, ndiwo ankaphika m'nyumba zambiri, kuyambira ku Maramba mpaka ku Dambwa ndi ku Libuyu. M'masiku amenewo ena mwa ife okonda kugwiragwira zitsulo tinayamba kudikira kuti magetsi ayake, ngakhale pakati pa usiku, kuti tiwotcherere mbaula ya roketi. Ndi paipi yopindika ngati chigongono: nkhuni zimalowera kukamwa kwa m'munsi, moto umakwera m'chumuni, mphika umakhala pamwamba. Anaikonza ndi Larry Winiarski, amene ankagwira ntchito ndi bungwe la Aprovecho ku Oregon, ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ikapangidwa bwino imalira ngati mphepo yolowa m'botolo, ndipo timitengo tochepa timaphika chakudya cha banja lonse.

Koma zambiri zimene ndaziona zili kuseri kwa nyumba, zachita dzimbiri, nkhuku zikuikiramo mazira. Zimandiwawa, chifukwa chitsulo chinagulidwa, tulo tinatayika, ndipo amayi anabwerera ku mafuwa ali ndi chikhulupiriro choti mbaula zimenezi ndi bodza. Zonsezo zinafa ndi matenda amodzimodzi. Ndiye ndawalemba pano motsatana, kuyambira pogula chitsulo mpaka poyatsa moto. Mukawatsata, yanunso idzapita kuseri kwa nyumba.

Poyamba penipeni, musafunse munthu amene adzaphikepo. Tengani chithunzi cha pa foni, cha mbaula yaitali yoonda imene wina kutali uko anapangira kuwiritsa madzi a khofi, ndipo muikopere mmene ilili. Miyendo ikhale itatu, yoyandikana, kuti iwoneke bwino. Mnyamata wina wa pafupi ndi kwathu ku Maramba anachita zomwezo, ndi mtima wabwino, pofuna kupeputsa amayi ake. Madzi anawira msanga, phala linathakatha, aliyense anakondwa. Vuto linabwera atathira ufa wachiwiri ndi kugwira mthiko ndi manja awiri. Mbaula inayamba kuvina.

"Iwe, tagwira miyendoyo," anatero mayiwo.

"Amayi, ingovundulani pang'onopang'ono."

"Mwanawe, nsima ya anthu asanu ndi atatu savundula pang'onopang'ono."

Atakoka mthiko kachitatu, poto anapendekeka, nsima yotentha inakhuthukira pansi, pafupi kwambiri ndi phazi la kamdzukulu kamene kanali chikhalire pamphasa. Kuyambira tsiku limenelo mayiwo sanayatsenso mbaulayo. Safunsa anadya phula. Nsima imafuna mphamvu ya mapewa, ndipo mphamvuyo imatsikira m'mphika, kenako m'mbaula, kenako pansi. Mbaula ya kuno iyenera kukhala yaifupi, ya miyendo yotambalala kuposa mphika, ndi zotchinga m'mbali kuti poto asaterereke. Wophika akanakuuzani zimenezi m'mphindi imodzi, pamodzi ndi kukula kwa poto wake ndiponso ngati amaphika atakhala pa kampando kapena ataimirira.

Mukafika kwa ogulitsa zitsulo zakale, sankhani paipi yaikulu kuposa zonse, poganiza kuti kukamwa kwakukulu ndi moto waukulu. Banja wamba limakwanira ndi paipi ya masentimita 10 kapena 12 m'mimba mwake. Ya masentimita 20 idzameza mpweya wozizira wambiri, moto udzazizira, ndipo kuti uyake mudzafunika kuthiramo mtolo wonse. Kapena lumikizani mapaipi awiri osiyana, kukamwa kotakata, chumuni yopapatiza. Utsi ukafika pa chigongono udzasowa njira ndipo udzabwerera kumaso kwa wophika. Winiarski ankanena kuti njira ya mpweya ikhale yofanana kukula kwake kuyambira polowera, m'chumuni, mpaka potulukira pansi pa mphika. Paliponse pamene mwaipanikiza, mbaula imabanika.

Chumuni muidule mwachisawawa. Kutalika kwake kumayenera kukhala pafupifupi katatu kukula kwa paipiyo, ndiye kuti masentimita 30 pa paipi ya 10. M'kati mwa mtunda umenewo ndi mmene utsi umakumana ndi lawi ndi kupsa. Utsi ndi nkhuni zimene sizinapse. Mukauona ukuuluka, dziwani kuti ndalama zanu zikupita kumwamba. Chumuni ikafupika, lawi limagunda mphika wozizira lisanamalize ntchito, ndipo poto amada bii ndi mwaye. Ikatalika kwambiri imakoka mpweya wochuluka ndipo mphika umatalikira moto.

Kenako muiwale kashelefu. Ndi kachitsulo kakang'ono kabe, kogoneka m'kamwa mwa mbaula, nkhuni pamwamba pake, mpweya pansi pake, ndipo ambiri amakaona ngati kokongoletsa. Popanda iko nkhuni zimagona pansi, phulusa limatseka njira, mpweya umadutsa pamwamba pa moto m'malo molowera pansi pa makala. Pakatha theka la ola mudzapeza wophika atagwada, akuuzira ndi pakamwa, misozi ili chuchuchu.

Pa nkhani yotchinga kutentha ndi pamene anthu akhama kwambiri amalakwitsa kwambiri, ndipo ndimawamvetsa. Munthu amamva kuti paipi ya moto iyenera kuzunguliridwa ndi chinachake, amawotcherera bokosi lakunja, kenako amadzifunsa kuti athiremo chiyani. Mchenga tili nawo wambiri mu Livingstone, pabwalo pomwe. Thiranimo mchengawo, kapena dothi lonyowa, kapena simenti kuti ilimbe. Mbaula idzalemera moti anthu awiri adzavutika kuinyamula, ndipo kulemera konseko kudzakhala kukumwa kutentha kumene kukanapita ku mphika. Mudzayamba mwaphikira mchenga, ndiwo pambuyo. Chofunika pamenepo ndi chinthu chopepuka, chokhala ndi timipata ta mpweya m'kati mwake. Phulusa louma la nkhuni, losefedwa, lothiridwa mosatsendera, limagwira ntchitoyo bwino ndipo siligulidwa. Likanyowa limasanduka chinthu china, choncho mbaula isagone pa mvula. Ku Malawi, mbaula zikuluzikulu za roketi zimene zinkapangidwa ku Mulanje zophikira anthu ambiri nthawi imodzi, m'kati mwake ankayalamo njerwa zopepuka, zoumbidwa ndi dongo losakaniza ndi utuchi. Utuchiwo umapsa powotcha njerwa ndipo umasiya timabowo. Ena amasiya paipi yamaliseche, yopanda chotchinga chilichonse. Imeneyo imatenthetsa mphepo ya pabwalo ndi kuwotcha miyendo ya ana.

Pali choona china chimene opanga ambiri sauza ogula. Mukatchinga bwino kutentha, chitsulo cha m'kati chimafiira, chimasupuka makoko, ndipo m'kupita kwa miyezi chimaboka, makamaka pa chigongono pamene moto umakalipa. Lata lopyapyala silichedwa. Chitsulo cha mamilimita 3 kapena kuposa chimapirira, koma nachonso chili ndi tsiku lake. Pofuna kuti mbaula ife imfa imodzi yosadzukanso, wotchererani zonse pamodzi, bokosi lakunja, chivundikiro ndi paipi, osasiya potsegula. Paipi ikaboka mudzataya mbaula yonse. Amene anamanga chivundikiro ndi mabawuti anayi amangosolola chigongono chakupsacho, kulowetsa china, kubwezeramo phulusa, madzulo ake nsima ili pamoto.

Za kawotchereredwe sindichulukitsa. Kwezani moto wa makina pa chitsulo chopyapyala kuti ndodo iboole, dontheza apa, dontheza apo, mipata yotsala muisiye. Mpweya wozizira udzalowera m'mipatamo ndipo phulusa lidzatulukira momwemo. M'mphepete mwakuthwa musapale, mudikire kuti mucheke chala cha wotsuka.

Tsopano pamwamba, pokhala mphika. Apa masentimita awiri okha amasiyanitsa mbaula yabwino ndi yachabe. Khazikani poto mwachindunji pakamwa pa chumuni ngati chivundikiro. Moto udzazima kapena udzatulukira kumene mumalowetsera nkhuni. Mukaona choncho, lumphirani mbali ina: wotchererani zitsulo zazitali zimene zidzakweze poto masentimita 10 m'mwamba, kuti mphepo ya mu Ogasiti idzinyamula lawi ndi kulipititsa kwa aneba. Mpata woyenera suvuta kuwerengera. Ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a kukula kwa paipi, ndiye pa paipi ya masentimita 10 mpata pakati pa mlomo wa chumuni ndi pansi pa mphika ukhale masentimita 2.5. Pamenepo mpweya wotentha umatuluka mosapanikizika koma ukukhula mphika. Musaikenso lata lozungulira mphika m'mbali. Lata limenelo, likasiya mpata wa pafupifupi sentimita imodzi, limakakamiza kutentha kukwera mokhudza mbali za poto, ndipo mbali yaikulu ya nkhuni zimene mbaula ya roketi imapulumutsa imapulumukira pamenepo. Ndi chidutswa chotsika mtengo kuposa zonse, ndipo ndi chimene chimasiyidwa kawirikawiri.

Poyatsa, tengani chikuni chachikulu cha mtengo wa tsanya, umene kuno timautcha mopane, ndi kuchikankhira m'kamwa mpaka kutseka. Tsanya ndi mtengo wolimba, wa makala abwino, koma mbaula iyi imadya timitengo tonga chala chachikulu, touma, titatu kapena tinayi, tikupsa kunsonga kokha, wophika akukankha pang'onopang'ono. Tsatsa zogwa zokha, zitsononkho za chimanga, tizidutswa totsala kwa akalipentala, ndicho chakudya chake. Nkhuni zaziwisi zimayamba zaphika madzi a m'kati mwake. Pulasitiki yoyatsira moto ndi matabwa opakidwa penti kapena mankhwala oteteza chiswe zimatulutsa utsi woipa umene umathera m'chifuwa cha wophika ndi mwana ali kumsana.

Pomaliza pake, musaiyese. Nenani kwa aliyense kuti imapulumutsa nkhuni chifukwa dzina lake ndi roketi. Kuyesa kwake n'kosavuta: mitolo iwiri yofanana, poto mmodzi, malita 5 a madzi, kamodzi pa mafuwa, kamodzi pa mbaula, kenako muone nthawi ndi nkhuni zotsala. Mayi wodziwa kusonkha moto pa mafuwa atatu amatha kuposa mbaula yopangidwa molakwika, ndipo iye amadziwa zimenezo ngakhale asanene. Nkhuni iliyonse yowonongeka pabwalo pathu inali mtengo penapake, ku nkhalango ya Dambwa kapena m'midzi imene njinga za makala zimachokera m'bandakucha.

Zatsala zolakwa zina zimene sindingazilembe ngati njira yoti munthu atsate, chifukwa izi siziwononga mbaula yokha. Paipi ya madzi yotuwa mowala ija inakutidwa ndi zinki. Mukaiwotcherera, kapena ikafiira ndi moto, imatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa: mutu, kuzizidwa, kuphwanya m'thupi, ngati malungo, maola angapo pambuyo pake. Gwiritsani ntchito chitsulo chakuda, ndipo ngati chinali ndi penti, yatsani moto woyamba panja popanda chakudya mpaka pentiyo ithe. Silinda yakale ya gasi ndi mgolo umene munali petulo zimaoneka zopanda kanthu, koma mpweya wotsalira m'kati umaphulika ukakumana ndi nthetheya za chodulira kapena za ndodo yowotcherera, ndipo anthu afa nazo. Magalasi a dzuwa sateteza maso ku kuwala kwa kuwotcherera. Usiku wake maso amamva ngati mwalowa mchenga, ndipo ana oimirira pambali akuonerera amapwetekanso chimodzimodzi.

Ndipo mu Juni ndi Julayi, pamene kuzizira kwa m'mbali mwa Zambezi kumalowa m'mafupa, mudzafuna kulowetsa mbaulayo m'nyumba, makala ake akali ofiira, ndi kutseka chitseko. Utsi sudzaoneka, fungo simudzalimva, koma makala amatulutsa mpweya wakupha umene umagoneka munthu tulo tosadzuka. Chonde, abale anga, mbaula imeneyi ndi ya panja. Mukatha kuphika, zimitsani makala ake pabwalo pomwepo musanakagone.