Ndani wadya bandulo ya alandilodi?

Alandilodi ena a ku Chilomoni anagula rauta pamodzi ndi bandulo ya mwezi wathunthu. Sabata isanathe, uthenga unalowa pafoni kuti bandulo yatha. Iwo anati umenewu ndi ufiti basi. Mwana wa mlongo wawo, yemwe ali kukoleji, anatsegula laputopu n'kulemba 192.168.1.1 pamalo olembapo adiresi. Rauta inafunsa dzina ndi pasiwedi. Mnyamatayo analemba admin, n'kulembanso admin. Inatseguka.

"Iwe, chinsinsi changa wachidziwa bwanji?"

"Amalume, chinsinsi chimenechi munagula nacho kusitolo. Marauta ambiri amabwera nacho chomwechi."

Anawaonetsa tsamba lomwe limandandalika zipangizo zonse zolumikizidwa. Panali itel, TECNO, Samsung, zina zosadziwika n'komwe. Koma foni imodzi mwini wake anaipatsa dzina mwaulemu wake: Foni ya Abusa. Alandilodi anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"Ndiye ndimadabwa," anatero, "kuti mapemphero a Lachitatu akutalikiranji chonchi masiku ano."

Pasiwedi ya admin ndi ina, ya Wi-Fi ndi inanso, ndipo anthu ambiri amasintha yachiwiriyo n'kusiya yoyambayo mmene inabwerera. Chonsecho wolowa ngati admin ndiye mwini nyumba weniweni: akhoza kusintha chilichonse, ngakhale kukutsekerani kunja inu amene munagula.

*

Chitetezo cha Wi-Fi chotchedwa WPA2, chomwe chinayamba mu 2004, sichilola pasiwedi yosakwana zilembo 8, ndipo chimalola mpaka 63. Bambo wina wa ku Area 25 anafuna kuika 1234. Rauta inakana. Anawonjezera 5678, n'kulengeza kuti tsopano ngakhale aboma sangalowe. Ana a pamdadada wonse analowa tsiku lomwelo.

Atalangizidwa, anasintha. Anaima pabalaza n'kuuza mkazi wake mokweza mawu, poti makoma a m'tauni sawaopa: "Amake mwana, pasiwedi tsopano ndi dzina lanu ndi chaka chimene munabadwa." Mayiwo analemba, foni inakana. Analembanso, inakanabe. Madzulo ake neba wa kuseri, amene anayamba nawo limodzi Sitandade 1 kumudzi, anali pakhonde pake akuseka ndi YouTube. Iyeyo analowa ulendo woyamba womwe. Mayi a panyumba ankalemba chaka chimene amauza anzawo ku banki m'khonde.

*

Ku Ndirande, mnyamata wina atatopa ndi opempha, anasintha dzina la netiweki yake kukhala Kagule Bandulo Yako. M'mawa mwake pamndandanda wa Wi-Fi panatulukira netiweki ina ya tsidya lina la mpanda: Bwezani Kaye Wilibala Yathu. Mnyamatayo anabisa dzina la netiweki yake kuti lisamaonekenso, n'kumayenda modzitama. Kubisa dzina sikutseka chitseko: rauta imaulutsabe, ndipo wodziwa dzina ndi pasiwedi amangozilemba pamanja n'kulowa. Wilibalayo mpaka lero sinabwerere.

*

Pali madala ena amene satchula pasiwedi ndi pakamwa. Mwana akafuna intaneti, amamulanda foni, n'kutembenukira kukhoma, n'kulemba okha ndi chala chimodzi, dzanja lina litaphimba pamwamba. Akatero amabweza foni ndi nkhope ya munthu amene wasunga chuma cha dziko.

Sakudziwa kuti kuyambira pa Android 10, yomwe inatuluka mu 2019, mwanayo amangodina Share pa dzina la netiweki ndipo foni imatulutsa QR code. Mnzake amaiunika ndi kamera, walowa. Mafoni ambiri amaonetsanso pasiwedi yeniyeniyo pansi pa kachithunziko, zilembo zonse poyera. Tsiku lina madalawa anapeza kachithunziko katasindikizidwa papepala, katamatidwa pa kaokala ka chipisi pamphambano, pansi pake atalemba mtengo wa ola limodzi.

"Ndani wachita zimenezi?"

Mwana wamkulu anayankha akuyang'ana pansi: "Adadi, nanga si mumati tiziphunzira bizinesi?"

Mankhwala ake alipo ndipo si odula. Marauta ambiri ali ndi guest network, netiweki yachiwiri ya alendo yokhala ndi pasiwedi yakeyake, yomwe mukhoza kuisintha kapena kuithimitsa osasokoneza mafoni a m'nyumba. Kungoti ena amaona ngati n'kusowa ulemu kupatsa apongozi pasiwedi ya alendo.

*

Nkhani yomwe imandikomera kwambiri ndi ya bwana wina wa kaofesi ka m'tauni ya Lilongwe. Anamva kuti foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake yotchedwa MAC, ya zilembo ndi manambala 12, ndipo kuti rauta ikhoza kukaniza nambala imene mwaiuza. Anapeza ya mesenjala wake wokonda mpira n'kuiika pamndandanda wa oletsedwa. Patapita mphindi zowerengeka, kuchokera kukhitchini kunamveka mfuu ya chigoli.

Mafoni a masiku ano, kuyambira pa Android 10 komanso iOS 14 ya mu 2020, saonetsa nambala yawo yeniyeni pa Wi-Fi, amapeka ina. Bwana analetsa yopekayo. Mesenjala anangothimitsa kabatani kake m'foni, foni n'kubwereranso ndi nambala yake yobadwa nayo, rauta n'kuilandira ngati mlendo watsopano.

Bwana anapsa mtima. Anaganiza zotembenuza lamulo: m'malo moletsa mmodzimmodzi, rauta izingolola okhawo olembedwa. Analemba ya akauntanti, ya sekilitale, ya makina osindikizira. Anadina Save mwamphamvu. Laputopu yake inaduka pa intaneti nthawi yomweyo. Yake anaiwala kuilemba.

Anakhala kaye phee, kenako anaitana motsitsa mawu. Mesenjala anabwera ndi nthambo, n'kulumikiza laputopu ya bwana kumbuyo kwa rauta, n'kufunsa mwaulemu wonse:

"Bwana, ndikulembeni inu nokha, kapena tonse awiri?"

*

Kabatani ka pa rauta kolembedwa WPS kanapangidwira anthu aulesi wolemba pasiwedi. Mukakadina, kwa mphindi ziwiri chipangizo chomwe chikupempha chimalowa osafunsidwa kanthu. Njira yake ina, ya PIN ya manambala 8, wofufuza wina dzina lake Stefan Viehböck anaonetsa mu Disembala 2011 kuti imathyoka poyesa kosapitirira 11,000, ntchito ya maola ochepa chabe kwa kompyuta. Ine ndimati WPS ndi yongothimitsa basi. Mayi ena a ku Zomba anaithimitsa atazindikira chifukwa chake alamu awo, akabwera ndi laputopu, ankakonda kuyamikira maluwa apulasitiki omwe ali pambali pa rauta, mpaka kuwasisita.

*

Alenje a bandulo akatheratu nzeru, pamatsala kabowo ka Reset. Mukalowetsa kaphini n'kukanikiza kwa masekondi ngati 10, rauta imaiwala zonse zomwe munaiphunzitsa n'kubwerera ku dzina ndi pasiwedi zolembedwa pa sitika ya pansi pake. Mphunzitsi wina wopuma pantchito anazidziwa zimenezi, ndiye anamatula sitikayo, n'kuipinda bwinobwino, n'kuibisa. Mdzukulu wake anatokosabe kabowoko ndi waya. Rauta inabwerera ku pasiwedi ya pasitika. Anafufuza m'Baibulo, m'sutikesi, m'thumba la jekete ya ukwati, sitika osaoneka.

Neba atafunsa za chitetezo cha Wi-Fi yawo, aphunzitsi anayankha monyadira:

"Achimwene, pano sipalowa munthu. Mwezi wachiwiri uno, ngakhale ine ndemwe."