Mako ndi Mako, Ngakhale Adapha Makoswe

Akale adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ankadzudzula mwana amene wakwera udindo m'tauni, amayi ake akabwera ndi chitenje chofwifwa iye n'kumauza anzake kuti ndi wantchito wochokera kumudzi. Masiku ano mwambiwu umamveka bwino pabenchi la kuchipatala, pomwe odwala mtima amadikira kutengedwa magazi, onse akudandaula za mankhwala amodzimodzi: warfarin.

Mwendo wa amayi amenewa, a warfarin, ndi wochepadi, tisabise. Mbiri yawo si yoikamba pachinkhoswe. M'zaka za m'ma 1920, ng'ombe za alimi a ku America ndi Canada zinkafa ndi kutaya magazi zikadya msipu wa sweet clover wochita nguwi. Katswiri wa pa yunivesite ya Wisconsin, Karl Paul Link, ndi anzake adapeza chomwe chinkachititsa, ndipo mu 1948 warfarin adalowa pamsika ngati poizoni wa makoswe. Anthu adaloledwa kumwa mu 1954. Chaka chotsatira, Dwight Eisenhower, mtsogoleri wa dziko la America, adapatsidwa mankhwalawa atadwala mtima. Ndiye mukamwa kapiritsi kanu madzulo ano, dziwani kuti mukugawana mbale ndi khoswe komanso pulezidenti. (Si tameki wa pamsika uja ayi, musayerekeze n'komwe.)

Ntchito yawo ndi yaikulu. Mtima ukamagunda mosalongosoka, magazi amadikha m'kachipinda kena n'kuundana. Chibuma chija chikatsetsereka n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo, munthu amachita sitiroko. Warfarin amasokoneza momwe chiwindi chimagwiritsira ntchito vitamini K, choncho magazi amachedwa kuundana. Vuto ndi muyeso. Kwa odwala ambiri, nambala ya INR, yoonetsa momwe magazi akuchedwera kuundana, iyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Ikatsika, chibuma chimabwerera. Ikakwera kwambiri, nkhama zimatuluka magazi, mkodzo umafiira, chimbudzi chimada bii.

N'chifukwa chake amayiwa ndi olongolola. Wadya chiyani lero? Vitamini K amadzaza m'masamba: bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru, repu. Sakukuletsani kudya, angofuna kuti muzidya mofanana tsiku ndi tsiku. Amene adalemba lamuloli ayenera kuti anali ndi firiji. Kuno mvula ikagwa, ndiwo zimamera zokha kuseri kwa bafa, timadya masamba m'mawa, masana ndi usiku. Ikafika Okutobala, tili pa usipa ndi nyemba. INR nayo imangoyenda ndi nyengo.

Mafunso sathera pa ndiwo. Wamwa mankhwala ati ena? Rifampicin wa TB amafoola warfarin. Bactrim amamuwonjezera mphamvu. Brufen, diclofenac ndi asipirini wogula pagolosale amatsegula khomo la kutaya magazi m'mimba. Mowa wa kumapeto kwa mwezi amayiwa sagwirizana nawo, ndipo mayi amene akufuna kutenga pakati ayenera kuyamba wakambirana ndi adokotala, poti warfarin amatha kuvulaza mwana wosabadwa. Pamwamba pa zonsezi, amafuna muziwaonekera kuchipatala pafupipafupi kukayezetsa. Piritsi ndi lotchipa, koma wokhala kutali amadziwa kuti amene amadyerera matendawa ndi kondakitala wa minibasi ndi mnyamata wa kabaza.

Ndiye kudabwera amayi opeza, a nsapato za gogoda: dabigatran, yemwe adaloledwa ku America mu 2010, kenako rivaroxaban ndi apixaban. Awa safunsa za chisoso. Safuna INR. Kutaya magazi mu ubongo kumachepa poyerekeza ndi warfarin, ndipo mu 2019 bungwe la WHO lidawaika pamndandanda wa mankhwala ofunikira. Kwa anthu ambiri amene mtima wawo umangogunda mosalongosoka koma mavavu ali bwino, awa ndi abwinodi, ndipo sindikuwachitira nsanje. Funso lawo ndi limodzi lokha, koma limabwera mwezi uliwonse: m'thumba muli zingati? Mtengo wawo umaposa wa warfarin kangapo. Tsono ife tili ndi luso lathu lotambasula zinthu, lija timachita ndi sopo ndi mayunitsi: kumwa lero, kudumpha mawa, kuti paketi ifike pa 30. Apa lusolo n'loopsa. Mphamvu ya mankhwala atsopanowa imatha msanga, moti ukadumpha tsiku limodzi kapena awiri, chitetezo chapita.

Nkhani idakoma mu 2022. Kafukufuku wotchedwa INVICTUS adatsatira odwala opitirira 4,500 m'maiko 24 a mu Africa, Asia ndi Latin America. Onsewo anali ndi matenda a mtima amene amayamba ndi zilonda zapakhosi zosachizidwa paubwana n'kuwononga mavavu, matenda odziwika bwino m'zipatala zathu. Ena adapatsidwa rivaroxaban, ena mankhwala a mtundu wa warfarin. Ambiri ankayembekeza kuti gogoda apambana. Zotsatira zitatuluka, imfa ndi sitiroko zidachepa kwa amene anali ndi amayi a mwendo wochepa aja. Nawonso amene adaikidwa vavu yachitsulo alibe kothawira: kafukufuku woyesa dabigatran pa iwo adaimitsidwa asanathe, poti kuundana ndi kutaya magazi zonse zidachuluka.

Palinso achibale ena odzisankha okha. Pagulu lililonse la WhatsApp pamakhala amalume amene sadapondeko sukulu ya udokotala koma ali ndi chinsinsi chomwe azungu akubisa: adyo, jinja, mandimu ndi uchi, kugwedeza katatu, kumwa musanatsuke m'kamwa. M'basi mumakwera wina ndi botolo lochiza shuga, BP, nsikidzi ndi banja losokonekera. Adyo ngwabwino mu nyama, koma vavu yachitsulo siwerenga mauthenga otumizidwa. Ena amati asipirini ndi wokwanira poti nayenso amakhudza magazi. Asipirini ndi clopidogrel ali ndi munda wawo, makamaka kwa amene mitsempha ya mtima idatsekeka kapena adaikidwa kachubu kotsegula mtsempha kotchedwa stent. Pa mtima wogunda mosalongosoka sangalowe m'malo mwa warfarin.

Ngati mtengo kapena ulendo wakukanikani, kawauzeni adokotala mosabisa, m'malo mosiya mwakachetechete n'kumagwedeza mutu pa tsiku la sikelo ya magazi. Ndipo mwana akadandaula pakhosi thupi likutentha, musangomupatsa madzi amchere. Pitani naye kuchipatala: penisilini wa masiku ochepa angamupulumutse ku vavu yowonongeka ndi warfarin wa moyo wonse.