Kodi Windows ndinalipira uja ndi wanga kapena wa makina?

Inu odziwa za makompyuta, ndithandizeni, ine mutu waima. Munthu ukagula laputopu, Windows amakhalamo kale, ndipo amati mtengo wake uli momwemo m'ndalama zimene walipira. Makina akayamba kuchedwa, wokonza amati tiwafomate. Amatenga fulashi ya 8 GB, n'kufufuta zonse, n'kuikamo Windows yemweyo. Nanga zimatheka bwanji kuti pakona yakumanja m'munsi mwa sikirini patuluke timawu totuwa takuti "Activate Windows", ngati kuti sunalipire? Ngakhale chithunzi chakumbuyo amakukaniza kusintha.

Akuti pamafunika kiyi, zilembo ndi manambala 25 m'magulu asanu. Nthawi ya Windows 7 kiyiyo inkalembedwa pa stika pansi pa laputopu, pamalo pokhudzana ndi tebulo, mpaka zilembo zina n'kufufutika. Kuyambira Windows 8, mu 2012, opanga makina anayamba kuiika m'kati mwa motherboard. Windows 10 atabwera mu 2015, Microsoft inayamba kusunga chizindikiro cha makina ako kwawoko, moti ukangolumikiza intaneti amakuzindikira osalemba chilichonse.

Apa ndi pamene pakundivuta. Amazindikira ndani, ine kapena motherboard? Magetsi akaiotcha, wokonza n'kuikamo ina, Microsoft imaona ngati ndi kompyuta yatsopano. Chonsecho bokosi ndi lomwelo, mafayilo ndi omwewo, mwini wake ndi yemweyo. Akuti layisensi yobwera ndi makina siisamukira pa kompyuta ina, koma yogula payokha imasamuka. Nanga poti Windows wake ndi mmodzi, kusiyanaku kukuchokera pati? Ndikagula njinga n'kusintha felemu, kodi matayala aja asiya kukhala anga?

Akutinso ukanalumikiza layisensi ndi akaunti ya Microsoft zinthu zisanavute, pali njira yowauzira kuti wasintha zida. Ndani amauza wogula zimenezi tsiku logula? Komanso wokonza akaika Windows Pro pa makina amene layisensi yake ndi ya Home, basi, sizigwirizana.

Nanga ife a malaputopu a kaunjika? Ena mwa makinawa amakhala ndi layisensi ya kampani imene imafuna kulankhulana ndi seva ya kampaniyo masiku 180 asanathe. Pogula zonse zimaoneka bwino, miyezi isanu ndi umodzi ikadutsa timawu tija tatulukira. Pamenepo wolakwa ndani? Ndipo wina akandiuza kuti ali ndi kapulogalamu kochotsera timawuto, kuti ndingozimitsa kaye antivirus, kodi ndikutsegulira chiyani m'makina momwe muli zikalata zanga?

Ogulitsa ndi okonza, chonde, musanafomate muzitiuza layisensi yomwe ili m'makinamo, ngati ndi Home kapena Pro, ndiponso ngati idzabwerere mukamaliza.