Mlandu wa Katani

Zimitsani mafoniwo, mukhale pansi, pali mlandu. Inu ana a masiku ano mwapha zisudzo, ndipo mwaziphera ulesi wopachika nsalu. Mfumu ya m'sewero ikumanga lamba anthu tikuona. Munthu amene wafa m'gawo loyamba akudzuka, kusasa fumbi, n'kutsika pa siteji akutafuna chingamu. Ndiye mukukwiya kuti agogo amaseka pamene mumafuna misozi. Ndilekerenji kuseka, maliro akuyenda okha?

Ife tinaonera zisudzo ku French Cultural Centre mu Blantyre, masiku a malemu Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata limene analiyambitsa mu 1987, masiku a gulu la Kwathu, Izeki ndi Jakobo ali moyo. Anthu aja ankadziwa pobisala. Ngakhale ana asukulu a mpikisano wa ATEM ankadziwa kuti wosewera amachita kutulukira, sakhala chiimire pakona kudikira nthawi yake uku akukanda mwendo.

Inu mukamva katani mumangoganiza za chinsalu chofiira chakutsogolo chija. Chimenecho n'chimodzi chabe, ntchito yake kutseka maso athu pamene anzanu akukoka mipando kusandutsa bwalo la milandu kukhala chipatala. Koma m'mbali mwa siteji mumalendewera nsalu zina zazitali, zakuda bii, zobisa amene akudikira kulowa. Pamwamba pali zina zazifupi zophimba magetsi ndi zingwe. Zimakhala zakuda dala, chifukwa chakuda chimameza kuwala, diso la woonera silikhalapo. Mukasowa za m'masitolo, biriwita alipo pamsika, funsani telala aliyense. Kumbuyo kwenikweni ndiye kumakhala nsalu yojambulidwa mudzi kapena phiri, apo ayi yoyera yokokedwa bwino, yopanda khwinya, imene akaiwalitsa ndi getsi lofiirira basi dzuwa lalowa, akasintha la buluu kwacha. Bafuta amagwira ntchito imeneyi, bola mumusite. Kusita, adzukulu, ndi kuja kumachitika ndi simbi.

Tsono pali nsalu ina imene ndikaikumbukira ndimakukhululukirani pang'ono, poti ngakhale ife inkatizunguza mutu. Ndi yopyapyala, ya timabowo ting'onoting'ono. Getsi likaiwalira chakutsogolo, kumbuyo kuli mdima, imaoneka ngati khoma lenileni. Akazimitsa lakutsogolo n'kuyatsa lakumbuyo, khoma lija limasungunuka, n'kuonekera munthu ali chilili pamene panalibe munthu. Mzimu wa malemu umabwera choncho m'sewero, maloto amabwera choncho. Azimayi ankagwirana manja, wina mpaka kuyamba pemphero. Palibe mankhwala, ndi nsalu ndi getsi basi. Neti ya udzudzu ikhoza kuyeserako, koma musakatenge imene mng'ono wanu amagonamo, malungo sadziwa zisudzo. Inu mzimu wanu unalowera pakhomo la holo, utavala masilipasi, n'kupempha anthu kuti aupatse njira.

Za mawu ndiye musandiyambe. Holo ya makoma a simenti ndi denga la malata imabweza mawu, wosewera akati "amayi" ife kumbuyo timamva amayi atatu. Nsalu yolemera, veleveti kapena mabulangete amene, imamwa phokoso lobwererali, mawu n'kufika oyera. Inu mankhwala anu ndi kukweza sipika mpaka ilire, kenaka kukalipira wa magetsi.

Apa pokha ndisiye nthabwala. Ndamva kuti m'sewero lanu lotsatira muli kandulo. Mu 1903, mumzinda wa Chicago ku America, getsi la pa siteji linayatsa nsalu m'nyumba ya zisudzo yotchedwa Iroquois. Katani yotchinga moto, imene inayenera kutsika kuti ilekanitse siteji ndi oonera, inakodwa panjira. Anthu pafupifupi 600 anafa, ambiri amayi ndi ana. N'chifukwa chake nyumba zazikulu za zisudzo zimanyika makatani m'mankhwala oletsa moto kuyaka msanga. Inu mankhwalawo mulibe, choncho kanduloyo ikhale kutali ndi nsalu, ndowa ya madzi ikhale pafupi, ndipo chitseko cha holo musachikhome ndi loko pofuna kutchinga olowa ulere.

Chigamulo ndi ichi. Loweruka mubwere ndi chingwe, mapegi ndi waya, makina osokera ndikubwerekani, ulusi mugule nokha. Amene azikoka katani asankhidwe wamutu wabwino, osati uja amaseka asanamve nthabwala, ndipo aphunzire kudikira mpaka wakufayo atafadi asanatseke. Zitenje zanga zitatu zimene zinasowa pachingwe mwezi watha, zija ndinaziona zitasanduka nyumba ya mfumu, zibwere zochapa. Cha maluwa achikasu chili ndi bowo la msomali, ndipo mwini msomaliyo ndikumudziwa.