Ulemu kwa a Mwala, Eni Majigi Onse

Asodzi amatamanda nsomba, amatamanda woyendetsa boti, ena mpaka amapsompsona ndodo yawo yowedzera. Koma a Mwala, amene akhala phee pansi pa nyanja yamchere ya ku KwaZulu-Natal kuyambira makolo athu asanabadwe, palibe amene amawatchula mwaulemu. Dzina lawo likamveka m'boti ndiye kuti pali kutukwana. Mwano umenewu uthe, chifukwa jigi iliyonse imene ili m'chikwama chanu ndi ya a Mwala. Inu mwangoisunga.

Jigi ndi kachitsulo kolemera, kawirikawiri ka mtovu, kopakidwa utoto wonyezimira kuti kaoneke ngati kansomba. Nyambo simuikapo. Mumakatsitsa mpaka kagunde pansi, kenako n'kumakadzutsa ndi kukagwetsa, kuti rockcod kapena slinger iganize kuti yapeza kansomba kodwala. Vuto ndi loti nsomba zimenezi sizikhala pamchenga, zimakhala pakhomo pa a Mwala. Ife a kunyanja kwathu timadziwa kuti utaka umasonkhana pachirundu, koma chilimira chimadutsa pamwamba mwaulemu. Jigi imayenera kukagogoda pachitseko penipeni. Ili ngati mkamwini kwa apongozi akazi: moni ndi wokakamiza, koma ukangopereka uzinyamuka. Ukachedwa pang'ono, wagona komweko.

Tiyambe ndi kusankha, kumene amuna akuluakulu amataya Loweruka lathunthu m'sitolo. M'mbali mwa gombe limeneli mumadutsa mweza wamphamvu wa Agulhas, wolowera kummwera. Mukasankha jigi yopepuka, ya magalamu 80 pamalo ofunika 200, madzi amaitenga, chingwe chimapendekeka, ndipo ikafika pansi imakhala ikukwekwerezeka pamiyala mpaka mbedza itapeza pokola. A Mwala alandira. Mukasankha yolemera, ya magalamu 300, imatsika molunjika ndi changu chonse n'kukadzipanikiza mumng'alu. A Mwala alandiranso. Yayitali yowonda imaboola mweza msanga. Yaphanthiphanthi imagwa mopepeluka, ndipo ndiyo imakondedwa pa kawedzedwe kodekha kamene kanachokera ku Japan. Palinso za tungsten, chitsulo cholemera magalamu 19 pamene mtovu wa msinkhu womwewo ukulemera 11, motero zimakhala zazing'ono, zomira msanga, ndi mtengo woti mkazi wanu asaumve. Ubwino wa a Mwala ndi woti alibe tsankho. Ya ku Japan ndi ya mtovu wosungunulira m'chitini kuseri kwa garaja amazisunga pashelefu imodzi.

Za mtundu ndiye musanene. Kuwala kofiira ndiko kumayamba kuzimirira m'madzi, moti pamamita 40 chofiira chija chimangooneka chakuda. Komabe mudzapeza bambo wa ana anayi ataima theka la ola, jigi yofiirira m'dzanja ili, yachikasu m'dzanja linali, akufunsa mnyamata wa m'sitolo kuti nsomba zikukonda iti mwezi uno. Mnyamatayo amayankha kuti zonse ziwiri, ndipo sanama. A Mwala alibe maso.

Chimene chimandikondweretsa koposa ndi kamangidwe. Luso lonse la kumanga jigi, mukaliyang'anitsitsa, ndi kukambirana ndi a Mwala kuti atenge zingati. Kale mbedza ya mano atatu inkalendewera kumchira. Anzeru ataona kuti mchira ndiwo umayamba kugunda pansi, anasamutsira mbedza kumutu, zomangidwa pa timaulusi tolimba tofupikitsa, tolumikizidwa ku mphete yotseka, jigi n'kukolekedwa ndi mphete ina yotsegula. A Mwala anamva nkhaniyi, ndipo anayamba kugwira kumutu. Chingwe chachikulu timagula choluka, chowonda, chosatamuka, kuti tizimva chilichonse chochitika pansi. Chikangokhudza mwala chili chokungika, chimaduka. Ndiye kumapeto kwake timalumikizako mamita angapo a fluorocarbon, amene amapirira kukhulika, pogwiritsa ntchito mfundo ya FG, ija munthu amaiphunzira pa YouTube usiku, chingwe chili kumano, ana akumuyang'ana mwachisoni. Ndipo ochenjera amaonetsetsa kuti pofooka pakhale pafupi ndi jigi, kuti zikavuta padukire pomwepo, chingwe chodula chija chipulumuke. Taganizani: munthu wagula chinthu ndi malipiro a tsiku lathunthu, ndipo asanachinyowetse n'komwe wakonzeratu pamene chidzadukire. Nsembe yokonzedwa bwino chotere sindinaione kwina.

Mwambo wa kulandira nawo ndi wokongola. Ndodo imapindika, munthu amakuwa kuti "Yadya! Yaikulu!" ndipo anzake amakweza zingwe zawo kumupatsa malo. Thukuta kamukamu, miyendo atatangadza, amalimbana mphindi zisanu ndi dziko lonse la South Africa. Boti likamakwera ndi kutsika pafunde, iye amati nsomba ikugwedeza mutu. Woyendetsa boti amadziwa zoona kuyambira pachiyambi, koma amayamba wamaliza fodya wake. Kenako amazungulira boti kukakokera mbali inayo, chingwe chimakulungidwa pakamtengo poti choluka chimacheka dzanja, ndipo phu! Chimabwera chopepuka, chikuuluzika. Mwini wake amauza aliyense mpaka kugombe kuti inali nsomba.

Amene akukayikira udindo wa a Mwala apite ku Umkomaas akafunse za Aliwal Shoal, chirundu chimene chili pafupifupi makilomita 5 kuchokera kugombe. Dzinalo chinatengera sitima ya Aliwal, imene inatsala pang'ono kuchigunda mu 1849. Iyo inapulumuka. Sitima ya Nebo inamira pomwepo mu 1884, Produce inatsatira mu 1974. Ndiye inu mukubwera ndi kachitsulo ka magalamu 150, mukuyembekeza kuti mwini sitima ziwiri akuopeni? Mu 2004 malowa anakhala otetezedwa ndi lamulo, mbali zina kuwedza n'koletsedwa, choncho ife timakapereka mitulo kwa achibale awo ang'onoang'ono a m'mbali, amene njala yawo ndi yomweyo.

A Mwala ali ndi antchito awo. Rockcod ikangomva mbedza imathamangira kuphanga, n'kutambasula makha ake, kusiya inu mutalumikizidwa ndi bwana wake. Mukapambana n'kuizula, pakati pa njira pali shaki, amene asodzi a kuno amamutcha wokhometsa msonkho. Amatenga thupi, inu amakusiyirani mutu ngati risiti.

Poti tafika pa za msonkho, ndidandauleko pang'ono. Kugombe kumadikira abwana ena a rula ndi kabuku, ofuna chilolezo, oyeza nsomba iliyonse kuyambira kumlomo mpaka kumchira. Malamulowo sindikuwanyoza. Nsomba ya seventy-four inatsala pang'ono kutha mpaka anailetsa mu 1998, ndipo anaitha ndi anthu a zingwe ngati ife. Koma abwana, nsomba yochokera pamamita 50 imafika pamwamba chikhodzodzo chake cha mpweya chitafufuma, maso atatong'oka, chifu chili kukamwa, chifukwa mphamvu ya madzi imene inkaipanikiza yachoka. Inu mwati yaing'ono ibwezedwe. Tikaiponya imangoyandama chagada, mbalame zikuthokoza. Pali njira yoibwezera pansi ndi cholemera kuti ikatsitsimuke, koma pa abwana onse amene anandiyezerapo nsomba, amene anandifunsa ngati ndili nacho chipangizo chimenecho sindikumukumbukira. Rula yokha ndiyo saiiwala. A Mwala, pamene akuteteza nsomba, safuna yunifolomu kapena alawansi. Amangodula chingwe.

Mtovu wonse umene amalandirawo umatsala pansi, ndipo mtovu ndi poizoni, zimenezo tisabise. Osambira pansi pa madzi ena amautola, ena amausungunula n'kuumbanso zolemera, n'kutigulitsa ife tomwe. Mwini sitolo ya zowedzera, munthu wopemphera, sindikudziwa ngati amawatchula a Mwala m'mapemphero ake, koma galimoto yake yatsopano ikudziwa amene anaigula.

Okhawo amene sindingawakhululukire ndi achimwene ena a m'boti mwathu, a kwathu komwe, amene amakana kugula jigi yolemera ati n'kuwononga ndalama. Yawo yopepukayo imayendayenda pansi pa boti, kupereka moni kwa chingwe cha aliyense, mpaka tonse anayi titamangidwa mtolo umodzi n'kuperekedwa kwa a Mwala nthawi imodzi. Tikadula zingwe, iwo amatsegula kabokosi kawo kopanda kanthu, n'kuyang'ana kanga mwachikondi.

"Achimwene, tandibwerekeniko ya 200 ija. Ndibweza madzulo."